Akristu a ku Japan Amene Anakhala Zaka 200 Opanda Wansembe

Petro Woyera, m'kalata yace yoyamba, aphunzitsa kuti obatizidwa onse ali ndi gawo pa unsembe wa Kristu. Ciphunzitso cimeneci cimazunguza ana a sukulu, ndipo nthawi zina aphunzitsi omwe: ngati wobatizidwa aliyense ali wansembe, nanga Abambo a ku mishoni asiyana naye bwanji? Mbiri ya Eklezia wa ku Japan iyankha funsoli momveka kupambana mabuku ambiri.

Francis Xavier Woyera anafika ku Kagoshima m'caka ca 1549, ndipo posapita zaka zambiri Akristu anaculuka ndithu m'dzikomo. Koma olamulira anayamba kuopa cipembedzo ca alendo. Mu 1597 Akristu 26 anapacikidwa pa mitanda ku Nagasaki, ndipo mu 1614 Tokugawa Ieyasu analetsa Cikristu napitikitsa amishoni. Ansembe amene anabisala anagwidwa mmodzi-mmodzi, kotero kuti pofika ca m'ma 1644 sipanatsale ndi mmodzi yemwe. Caka ndi caka anthu a dera la Nagasaki anali kukakamizidwa kuponda cithunzi ca Yezu kapena ca Maria pamaso pa akuluakulu a boma, kuti aoneke amene ali Mkristu.

Tsono anthu a m'midzi, alimi ndi asodzi, anagawana nchito mobisa. Mkulu mmodzi, wochedwa chokata, anali kusunga kalendala wa Eklezia, nawerenga masiku a Lenti, a Pasaka ndi a Kubadwa kwa Ambuye. Wina, wochedwa mizukata, ndiko kuti munthu wa madzi, ndiye anali kubatiza makanda. Wacitatu anali kuyenda nyumba ndi nyumba kukauza mabanja za masiku oyera a sabata imeneyo. Makolo anaphunzitsa ana mapemphero pakamwa, popanda buku, mibadwo isanu ndi iwiri. Mphunzitsi wa kumudzi amene amatsogolera mapemphero pa Sondo pamene Abambo sanabwere, kapena amene anabatizapo khanda lili pafupi kufa, adzazindikira nchito zimenezi msanga.

Uwu ndiwo unsembe wa ubatizo: kupemphera, kupereka moyo ndi masautso kwa Mulungu, kuphunzitsa cikhulupiriro. Masakramenti awiri anakhalabe m'manja mwao: Ubatizo, umene munthu aliyense akhoza kupereka pakasowa wansembe, ndi Ukwati, umene mwamuna ndi mkazi amapatsana okha. Koma cocititsa cidwi kwambiri ndi cimene anthuwo analibe. Mizukata sanali wodzozedwa ndi Episkopi m'sakramenti la Ukulu, cifukwa cace sanathe kupereka nsembe ya Misa kapena kumasula macimo. Anthu anabadwa, nakalamba, namwalira osalandira Ukaristia ndi kamodzi komwe. M'malo mwa Kulapa anali kunena pemphero la cisoni ca macimo, makamaka atabwerera kwao kucokera koponda cithunzi kuja. Ndipo m'midzi ina anasunga mau a makolo akuti tsiku lina ansembe adzabweranso kudzamva macimo ao.

Japan atatsegula madooko ace kwa alendo, ansembe a ku France anamanga tchalitchi ku Oura, m'mzinda wa Nagasaki, ca anthu akunja. Pa 17 March 1865 kagulu ka anthu a ku Urakami kanalowa m'tchalitchimo, ndipo mai wina ananong'oneza Bambo Bernard Petitjean kuti mtima wao ndi wace uli umodzi, nafunsa kumene kuli cifanizo ca Maria. Pambuyo pace Akristu obisalawo anafunsitsanso ngati mlendoyo amvera Papa wa ku Roma, ndi ngati ali wosakwatira. Anthu osaonapo wansembe cibadwire anadziwa zizindikiro zomuyesera. Nayenso Petitjean anafufuza mau amene obatiza ao anali kunena pothira madzi, pakuti Cikristu cao conse cinatsamira pa mau amenewo.

Msonkhano Waciwiri wa ku Vatican, m'cikalata ca Lumen Gentium ca 1964, unalongosola kuti unsembe wa obatizidwa ndi unsembe wa odzozedwa zicokera kwa Kristu mmodzi ndipo zitumikirana, koma zisiyana mtundu, osati kukula kokha ai. Anthu a ku Urakami anadziwa kale zimenezi m'moyo wao zaka 100 mau awa asanalembedwe.

Cimwemwe cao cinali ndi mtengo wowawa. Atayamba kupembedza poyera, boma linawagwira, ndipo kuyambira 1868 anthu oposa 3,000 a ku Urakami anatengedwa kunka ku madera akutali, kumene oposa 600 anafera. Ciletso cinacotsedwa mu 1873. Ngakhale pamenepo si onse anabwerera kwa ansembe: midzi ina inakonda kutsata akulu ao ndi miyambo ya m'masiku obisala, ndipo anthu ace anakhala paokha, kunja kwa Eklezia Katolika.