Kodi Makolo Athu Ankapembedza Nyama?

Kaŵirikaŵiri timamva kuti makolo athu, Uthenga Wabwino usanafike, ankagwadira njoka ndi mafano a dothi. Mlanduwu ndi waukulu, ndipo tiyenera kuuzenga mofatsa, pakuti oimbidwa mlanduwo adagona kale, sangathe kudziyankhira.

Tiyambe ndi dothi. Pa chinamwali cha atsikana pakati pa Acheŵa a mbali zonse ziŵiri za malire athu ndi Zambia, anamkungwi ankaumba zilengo, ndiye kuti zifaniziro za nyama monga nsato ndi ng'ona, nazikometsera ndi maŵanga oyera, ofiira ndi akuda. Pamutu pa namwali ankaikapo chingondo, naconso choumbidwa ndi dothi. Chilengo chilichonse chinali ndi mwambo wake wonena za ukwati, ubereki ndi ulemu. Chinamwali chikatha ankaziwononga, kuti osavinidwa asazione. Ndi chifukwa chake zoumba zotere zakale n'zosoŵa, ngakhale zithunzi zofanana nazo zidatsalira pa matanthwe a Chongoni ku Dedza, malo 127 amene bungwe la UNESCO lidawalandira m'chiŵerengero cha chuma cha dziko lonse mu 2006. Tsono tidzifunse: ndani amaphwanya mulungu wake phunziro likatha?

Ku kachisi wa mvula wa ku Msinja, kumene kunkakhala Makewana, njoka yotchedwa Thunga inkalemekezedwa kwambiri, koma nsembe inkaperekedwa kwa Chauta, mwini mvula. Kasiyamaliro wa Gule Wamkulu, wooneka ngati nyama ya m'tchire, nayenso amatenthedwa maliro akatha. Nthano ya Kaphirintiwa imatiunikira: anthu, nyama ndi Chauta ankakhala pamodzi mwamtendere, kufikira munthu adapeka moto, tchire nkupsa, nyama nkuthaŵa, Chauta nkukwera kumwamba. Zilombo zikaloŵa m'mudzi, ubale wosweka uja umalumikizidwanso kwa kanthaŵi.

Ansembe a White Fathers atakhazikitsa mishoni ya Kachebere mu 1903, zinsinsizi zinali zobisika kwa alendo, ndipo kusamvana kwa amishoni ndi Nyau kudatenga zaka zambiri. Koma mu 1965 Msonkhano Wachiŵiri wa Vatican udaphunzitsa kuti Mpingo sukana choona ndi choyera chopezeka m'zipembedzo zina, ndipo mu 1976 Bambo Claude Boucher adayambitsa Kungoni ku Mua kuti asunge nzeruzi.

Abale, anamkungwi odziŵa tanthauzo la zilengo akutha mmodzimmodzi, ndipo dothi silidalembe kanthu. Tisanaweruze makolo athu, tikhale pansi ndi agogo otsalawo, tiwafunse mwaulemu.