Chibalo cha Osalakwa: Mabanja a Omangidwa pa Milandu Yogwirira ku Redcliff

Pali liwu limodzi limene lidayenda mtunda wautali pamodzi ndi amuna a ku Nyasaland amene ankapita kukagwira ntchito ku Southern Rhodesia. M'migodi ya kumeneko, chibaro lidali dzina la ntchito yokakamiza, ndipo Charles van Onselen adatcha buku lake la mu 1976 lofotokoza za moyo wa m'makomboni ndi liwu lomweli. M'Chishona, kubata chibharo ndiko kugwirira mkazi. M'Chichewa, chibalo ndi chilango chimene munthu wopezeka wolakwa amachigwira ndi manja ake. Matanthauzo atatuwa, ntchito ya mlendo, mlandu wogwirira ndi chilango, amakumana m'mbiri ya Redcliff, tauni ya zitsulo ya m'chigawo cha Midlands ku Zimbabwe. Funso limene mbiriyi imadzutsa ndi lakuti: mwamuna wa m'komboni akamangidwa pa mlandu wotere, mkazi wake ndi ana ake ankatsamira pa yani?

Redcliff idabadwa chifukwa cha miyala ya chitsulo ndi ya laimu imene idapezeka pafupi ndi Que Que, mzinda umene lero umatchedwa Kwekwe. Mu 1942 boma la atsamunda lidakhazikitsa bungwe la RISCOM, ndipo mu 1948 ng'anjo za ku Redcliff zidayamba kusungunula chitsulo. Dziko litalandira ufulu mu 1980, dzina lidasintha kukhala ZISCO, ndipo pa nthawi imene ntchito idali pachimake kampaniyi idali ndi antchito oposa 5,000. Azungu ankakhala m'nyumba zapamwamba za ku Redcliff kwenikweni, pamene anthu akuda ankakhala ku Torwood, komboni ya kampani. Ambiri mwa anthu a ku Torwood adali ochokera ku Nyasaland, Northern Rhodesia ndi Mozambique, ndipo Chinyanja chinkamveka m'misewu, m'matchalitchi ndi pabwalo la gule.

Moyo wonse wa m'komboni udamangirira pa nambala ya ntchito ya mwamuna. Nyumba idali ya kampani, chipatala cha kampani, ngakhale bwalo la mpira lidali la kampani. Tsono mwamuna akalowa m'ndende kwa zaka, ntchito inkatha, ndipo nyumba inkapita ndi ntchitoyo. Mkazi wa Mshona kapena Mndebele akadatha kunyamula ana ndi kubwerera kumudzi kwa makolo a mwamuna wake. Banja la mtchona lidalibe mudzi wotere pafupi. Kwawo kudali kutsidya kwa Zambezi, ulendo wa masiku ambiri, ndipo ena mwa anawo adali asanakuoneko n'komwe. Chiweruzo chinkatchula dzina la munthu mmodzi, koma otuluka m'nyumba ankakhala banja lonse.

Malamulo amene ankaweruza milandu yotereyi nawonso adali ndi mbiri yawo. Mu 1903 Southern Rhodesia idakhazikitsa lamulo la Immorality Suppression Ordinance loletsa mwamuna wakuda kugonana ndi mkazi wachizungu ngakhale atagwirizana, ndipo m'chaka chomwecho idaloleza chilango cha imfa pa mlandu wongoyesera kugwirira. Jock McCulloch, m'buku lake la mu 2000 lotchedwa Black Peril, White Virtue, adaonetsa kuti amuna akuda oposa 20 adanyongedwa m'zaka zotsatira, ena pa umboni wosakwanira. Mwamuna wachizungu wogona ndi mkazi wakuda lamulolo silinkamukhudza. Mu 1916 kudabweranso lamulo lolanga chigololo pakati pa anthu akuda, ndipo Diana Jeater, amene adafufuza milandu ya m'boma la Gwelo, adasonyeza momwe atsamunda adasandutsira nkhani zimene zinkakambidwa ndi mabanja kukhala milandu ya boma. Redcliff isanamangidwe n'komwe, antchito akuda adali ataphunzira kale kuti khoti la Mzungu limateteza ena ndi kusiya ena. Chikaiko chimenechi chidakhalitsa, ndipo chidapweteka kwambiri akazi ndi ana a m'komboni, pakuti mlandu weniweni unkatha kubisidwa poopa kupereka mbale m'manja mwa adani.

Kumudzi kwa Achewa mlandu sukhala wa munthu mmodzi. Mwini mbumba, amene kawirikawiri amakhala malume, ndiye amayankha pabwalo, ankhoswa amaimira ukwati, ndipo ana ndi a kuchikazi, kotero kuti bambo akachoka ana amatsala pa nthaka ya amayi awo. Ku Midlands dongosololi lidasokonekera. Matchona ambiri adakwatira akazi a Chishona, amene mwambo wawo umati mwamuna akapereka roora ana ndi a kuchimuna. Achibale a mayi ankati ana ndi a bambo, pamene mwambo wa bambo unkati ana ndi a mayi. Masiku a mtendere kusiyanaku kunkangokhala nkhani yocheza pamowa. Bambo akamangidwa pa mlandu wochititsa manyazi, mbali iliyonse inkapeza chifukwa cha mwambo chokanira katundu.

M'malo mwa mbumba, alendo adadzipangira ubale wina. Magulu othandizana pamaliro, amene ankasonkhanitsa anthu ochokera boma limodzi, ndiwo adali nkhokwe ya m'komboni. Mpingo wa CCAP, umene udayamba kutumikira anthu a ku Nyasaland mu Salisbury mu 1912 ndi thandizo la mishoni ya Nkhoma, udafalikira m'matauni a migodi, ndipo Ayao adamanga mizikiti yawo. Gule wamkulu, amene Ashona amamutcha zvigure, adalinso ndi abale ake a kudambwe. Komabe mabungwewa adapangidwira imfa, matenda ndi chisangalalo. Mkazi wamasiye amakhuzidwa, amayi a mumpingo amamugonera, ndipo anthu amasonkha ufa. Mkazi wa wogwirira alibe siwa. Mwamuna wake ali moyo, ndipo chimene chamuchotsa pakhomo n'chinthu chimene anthu satchula mokweza. Thandizo limene ankalandira linkabwera mobisa, kuchokera kwa munthu mmodzimmodzi wachifundo.

Kunja kwa komboni, bungwe lakale kwambiri lothandiza akaidi ndi limene lidayamba mu 1923 ngati Prisoners' Aid Society, lomwe lero limatchedwa ZACRO. Pamodzi ndi Prison Fellowship Zimbabwe, bungweli limayendera akaidi, limawaphunzitsa ntchito zamanja ndi kuyesa kuwayanjanitsa ndi abale awo. Boma nalo lidatsegula njira zofewetsa chilango. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990 lidayambitsa chilango chogwira ntchito zothandiza anthu m'malo mopita kundende, ndipo ndende yotseguka ya Connemara, imene ili pakati pa Kwekwe ndi Gweru, imalola akaidi osankhidwa kukacheza kwawo masiku owerengeka. Mu 2013 malamulo aakulu a dziko adasintha dzina la nthambi ya ndende kukhala Zimbabwe Prisons and Correctional Service, kusonyeza cholinga chokonza munthu. Koma njira zofewazi adazikonzera a milandu ing'onoing'ono, ndipo wogwirira sizimufika. Chikhululuko cha pulezidenti nachonso nthawi zambiri chimapatula milandu yogwirira. Mu Meyi 2023, pamene akaidi oposa 4,000 adamasulidwa ndipo ena okalamba a milandu yogwirira adatuluka nawo, mabungwe oteteza amayi ndi ana adadandaula kwambiri, makamaka chifukwa olakwiridwa sadauzidwe kuti owalakwira akubwerera m'midzi yomweyo.

Dandaulo limeneli ndi loona, ndipo lili ndi mbiri yakeyake. Bungwe la Musasa lidayamba mu 1988 kuthandiza amayi ochitiridwa nkhanza, makhoti omvera mboni za ana mosaopseza adayamba cha m'ma 1997, ndipo lamulo la Sexual Offences Act la mu 2001 lidavomereza kuti mwamuna angathe kugwirira ngakhale mkazi wake wa muukwati. Izi zidatsegula pakamwa pa anthu amene adakhala chete kwa zaka zambiri. Koma pamilandu yambiri yokhudza ana, wolakwa amakhala bambo, bambo wopeza, malume kapena munthu wodziwika pakhomo. Apa banja la wolakwa ndi banja la wolakwiridwa limakhala limodzi lomwelo. Mayi amene akudziwa kuti kukanena kupolisi kudzachotsa wopezera ana chakudya ndi denga amakhala pa mphanda yowawa, ndipo ena amasankha kukhala chete kapena kukathetsa mlandu. Kusowa kwa thandizo la banja la womangidwa kumasanduka chida chotsekera pakamwa mwana wolakwiridwa.

Zaka za m'ma 2000 zidaonjezera mtolo. Lamulo la unzika la mu 2001 lidasiya ana ndi adzukulu ambiri a matchona akuwerengedwa ngati alendo m'dziko limene adabadwiramo, ndipo ngakhale malamulo a mu 2013 adawabwezera unzika, ambiri adavutikabe kupeza zitupa zofunika kusukulu ndi ku maofesi a chithandizo. Mu 2008 ng'anjo za ZISCO zidazima, ndipo mgwirizano wa mu 2011 ndi kampani ya Essar ya ku India sudaziyatsenso. M'chaka chomwecho cha 2008 njala idalowa m'ndende za Zimbabwe mpaka akaidi ambiri adamwalira, ndipo mu 2009 bungwe la Red Cross lidayamba kuperekamo chakudya. Mkaidi wa ku Hwahwa, pafupi ndi Gweru, amene adali ndi m'bale womubweretsera kamba adali ndi mwayi wopulumuka. Mkazi wa ku Torwood, wopanda malipiro ndi wopanda munda kumudzi, ankayenera kusankha pakati pa ndalama ya basi ndi ufa wa ana.

Chingwe chimene chidanyonga amuna a m'nthawi ya atsamunda chidachotsedwa m'malamulo a Zimbabwe mu Disembala 2024, ndipo womangidwa pa mlandu wogwirira amayembekezeka kudzatuluka tsiku lina. Akatuluka amabwerera kukomboni komwe kulibenso kampani yomulemba ntchito, kwa anthu amene sadaiwale, pakuti mlandu suola. Chimene mbiri ya Redcliff ikuonetsa n'chakuti m'nyengo zonse zitatu, ya atsamunda, ya kampani ndi ya ng'anjo zozima, padapezeka wokonza chilango koma sipadapezeke wokonzera banja lotsala. Wolakwa adagwira chibalo chimene khoti lidamupatsa, ndipo chidali ndi tsiku lothera. Mkazi wake ndi ana ake, kuphatikizapo mwana amene adalakwiridwayo, adagwira chibalo chimene palibe woweruza adachilamula.