Kachisi wa Ahokkien ku Singapore

Pamene Mngerezi uja Stamford Raffles anatsegula doko la Singapore m'chaka cha 1819, Atchaina anayamba kufikako mwaunyinji kudzafuna ntchito. Ambiri anali ochokera ku chigawo cha Fujian, anthu otchedwa Ahokkien. Anali kuyenda pa zombo za matanga, ndipo si onse amene anafika amoyo. Tsono munthu akaponda pamtunda, chinthu choyamba chinali kukayamika Mazu, mulungu wamkazi amene iwo amkhulupirira kuti ndiye msungi wa oyenda panyanja.

Malo opembedzerapo anali pa Telok Ayer Street, m'mphepete mwenimweni mwa madzi, ngakhale lero nyanja inatalikira chifukwa gombe lija analikwirira ndi dothi. Pomwepo, kuyambira 1839 kufikira 1842, anamanga kachisi wamkulu dzina lake Thian Hock Keng. Amisiri analumikiza mitengo yake popanda msomali. Wopereka ndalama zambiri anali Tan Tock Seng, mbadwa ya ku Malacca, amene poyamba anali wogulitsa ndiwo zamasamba ndi nkhuku.

Koma tingalakwe tikayesa kuti nyumbayi inali yofukiziramo lubani chabe. Boma la Angerezi silinali kudziwa chinenero cha anthuwa, ndiponso silinali kusamala za umoyo wao. Mlendo wosowa ntchito akanalira kwa yani? Nanga wofera kutali ndi abale akanamuika ndani? M'chaka cha 1840 munabadwa m'kachisimo bungwe la Hokkien Huay Kuan, ndipo akulu ake ndiwo anali kuweruza milandu, kuthandiza amphawi, ndi kulemba maukwati. Kunena zoona, iwo anali mafumu a anthu opanda mudzi.

Panalinso mabungwe ena achinsinsi, monga Ghee Hin, amene anali kulumbiritsa anthu kuti akhale pachibale kufikira imfa. Nawonso anali kulandira alendo, koma anali kudyera pa njuga ndi pa mankhwala a opiyamu. M'chaka cha 1854 Ahokkien ndi Ateochew anakangana pa mtengo wa mpunga, nkhondo inabuka m'mudzi monse, ndipo anthu mazana anaphedwa. Boma linachedwa kugalamuka. Mu 1877 ndi m'mene linaika William Pickering, Mzungu wodziwa kulankhula Chihokkien, kuti aziyang'anira za Atchaina, ndipo lamulo la 1889 linaletsa mabungwe achinsinsiwo.

Hokkien Huay Kuan inatsala, nitembenukira ku maphunziro. Ine monga mphunzitsi, apa ndi pamene ndimavula chipewa. Pamene mtsogoleri wake Tan Lark Sye anapempha mu 1953 kuti pakhale sukulu yaukachenjede yophunzitsa m'Chitchaina, bungweli linapereka maekala 523 ku Jurong, ndipo ngakhale opalasa njinga zonyamula anthu anasonkhako ndalama zao. Nanyang University inayamba kuphunzitsa mu 1956, koma mu 1980 boma linaiphatikiza ndi University of Singapore, ndipo kumeneko maphunziro ndi a m'Chingerezi.