Khate ndi Kuyenda kwa Wodwala m'Chigwa cha Domasi

Chigwa cha Domasi, chimene chili pakati pa phiri la Zomba ndi la Malosa ndipo mtsinje wake umatsikira ku nyanja ya Chilwa, chimadziwika ndi mbiri ya maphunziro, kuyambira pa mishoni ya mpingo wa ku Scotland imene inakhazikitsidwa mu 1884 m'dera la Mfumu Malemia. Koma chakumpoto pang'ono, pa msewu wa ku Liwonde, pali Likwenu, kumene amishoni a Anglican a bungwe la UMCA anamanga mudzi wa odwala khate, umene pofika m'zaka za m'ma 1930 unkawerengedwa pamodzi ndi ya ku Utale, Mua ndi Malamulo. Mbiri imeneyi sikambidwa kawirikawiri, chonsecho inakhudza mabanja a m'dera lonseli.

Anthu ambiri amayesa khate nthenda ya pakhungu chifukwa limayamba ndi mawanga otuwa, pamene kwenikweni kachilombo kake, kamene Gerhard Armauer Hansen anakatulukira ku Bergen, m'dziko la Norway, mu 1873, kamawononga mitsempha, osati ya magazi ayi, koma imene imachititsa kuti khungu limve kutentha ndi kupweteka ndiponso kuti minofu igwire ntchito. Mtsempha wa m'mwendo ukafa, phazi limalendewera n'kumakhula pansi; wa m'dzanja ukafa, zala zimapindika osawongokanso. Choopsa koposa ndi dzanzi. Mayi wophika nsima amaphula mphika pa mafuwa osamva kuti wapsa, ndipo mlimi amabwera kudimba munga uli m'phazi, n'kudzauona chilonda chitanyeka kale. Zala sizithothoka zokha monga mmene ambiri amanenera: zimatha pang'onopang'ono ndi zilonda zimene mwiniwake sanazimve.

Kulumala kotere kunkalemera mwapadera pakati pa Ayao ndi Anyanja a m'chigwachi, amene amatsata chikamwini, mwambo umene mwamuna amakakhala kwawo kwa mkazi n'kumalima munda wa kumeneko. Ulemu wa mkamwini unkachokera pa khasu, choncho manja akalephera kugwira mpini, malo ake pamudzipo ankagwedezeka, ndipo chiyembekezo chake chinkatsalira pa alongo ake kwawo kumene anabadwira. Mkazi wodwala khate ankakhala pakati pa abale ake, koma pa kutunga madzi ndi kusinja ankadalira ana.

Midzi ya akhate inamangidwa pa maganizo akuti wodwala apite kumene kuli mankhwala n'kukhala komweko zaka zambiri. Mankhwala a nthawiyo anali mafuta a mtengo wa chaulmoogra wa ku Asia, obaya pakhungu, opweteka kwambiri ndiponso osadalirika. Komabe m'pofunika kunena kuti kumeneko munthu ankapeza munda, chakudya ndi anzake osamunyansidwa, ngakhale kuti mtengo wake unali kusiyana ndi mbumba yake. Mapiritsi a dapsone atafala m'zaka za m'ma 1950, chifukwa chosungira anthu pamalo amodzi chinayamba kuchepa, ndipo chapakati pa zaka za m'ma 1960 bungwe la LEPRA linayambitsa ntchito m'chigawo cha kummwera imene inatembenuza ulendowo: ogwira ntchito zaumoyo ndiwo ankayenda, ena pa Land Rover, ena pa njinga zakapalasa, kukakumana ndi odwala pa malo ndi tsiku lopangana. Kwa munthu wa chilonda kuphazi, amene mtunda uliwonse unkakulitsa balalo, kusinthaku kunali kofunika ngati mankhwala enieniwo.

Mu 1981 bungwe la WHO linalangiza kuphatikiza dapsone ndi rifampicin ndi clofazimine, mankhwala amene masiku ano amapha kachilomboka m'miyezi 6 kapena 12, ndipo mu 1994 dziko la Malawi linafika pa mlingo umene akatswiri amautcha kuthetsa khate, kutanthauza kuti odwala olembedwa m'kaundula anali osakwana mmodzi pa anthu 10,000 alionse. Mawu akuti kuthetsa anasocheretsa ambiri. Khate linangokhala losowa, silinathe, ndipo nthenda ikasowa, oizindikira msanga nawonso amasowa, kotero kuti wodwala angathe kupatsidwa mankhwala a chipere kwa nthawi yaitali mitsempha ikufa. Kuwonjezera apo, munthu akamaliza mapiritsi dzina lake limachoka pa chiwerengero cha odwala, koma mtsempha umene unafa kalekale sudzukanso. Iyeyo amafunikabe nsapato zofewa mkati ndi zolimba kunsi, kuviika mapazi m'madzi tsiku ndi tsiku n'kuwadzoza mafuta kuti asang'ambike, ndiponso wachibale womuyang'ana kuphazi madzulo alionse, ntchito imene m'midzi ya ku Domasi ndi Malosa imagwera kwambiri amayi ndi zidzukulu.