Ulamuliro ndi kulimbirana mphamvu m'mabuku a nthano za sayansi

Pali mtundu wa mabuku umene m'Cipwitikizi amati ficção científica, m'Cingelezi amati science fiction. Ife tingati nthano za sayansi. Ndi nkhani zopeka ndithu, koma simupezamo Kalulu ndi Fisi. Wolemba amatenga cinthu cimene akatswiri apanga kale kapena angadzapange, kaya ndi kompyuta, mankhwala kapena makina ouluka, n'kufunsa kuti: cimeneci cikadzafika ponseponse, anthu adzakhala bwanji?

Mukawerenga mabuku angapo otere, muona kuti funso limodzi limangobwerabwera. Makinawo ali m'manja mwa yani? Nanga amene alibe makina angatani? M'nkhani ino muona njira zinayi zimene olamulira a m'mabukuwa amagwirira anthu. Zina mwa izo makolo a kuno ku Macanga ndi Tsangano anaziona ndi maso awo.

Kulamula ndi mantha

Buku lochuka kwambiri pa nkhaniyi ndi Nineteen Eighty-Four, la George Orwell, lomwe linatuluka mu 1949. M'dziko la m'bukuli, nyumba za anthu a cipani zili ndi cipangizo conga wailesi ya kanema, koma comwe cimaona ndi kumva zonse zimene munthu akucita. Mtsogoleri amachedwa Big Brother, ndipo nkhope yake ili pazipupa paliponse. Winston Smith, mwini nkhaniyo, nchito yake ndi kusintha nyuzipepala zakale kuti zigwirizane ndi zimene boma likunena lero. Boma likucepetsanso mawu a m'cilankhulo caka ndi caka. Maganizo ake ndi akuti munthu akasowa mawu oti ufulu, adzasowanso mocitira dandaulo.

Funsani agogo anu za nthawi ya Apwitikizi. Mwamuna ankayenda ndi kabuku kochedwa caderneta, kosonyeza kwawo, msonkho ndi kumene akugwira nchito. Wopezeka wopanda kabukuko ankatha kutengedwa kupita ku cibalo. Makamera kunalibe, koma colinga cinali comweco: kudziwa pamene munthu aliyense ali.

Kulamula poletsa kuwerenga

Mu 1953, Ray Bradbury wa ku America anatulutsa Fahrenheit 451. M'menemo ozimitsa moto nchito yawo yasanduka yotentha mabuku. Mmodzi wa iwo, Guy Montag, akuyamba kubisa mabuku amene anatumidwa kukatentha, kenako akuthawa mumzinda. Kunja kwa mzinda akupeza anthu amene aliyense waloweza buku pamtima kuti lisafe. Kwa ife izi si zacilendo, eti? Mbiri ya mitundu yathu inasungika m'mitu mwa akuluakulu kwa zaka zambirimbiri.

Kuletsa mabuku kunacitikadi pafupi pompa. Ku Malawi, pa nthawi ya Kamuzu Banda, kunakhazikitsidwa lamulo la 1968 lopatsa boma mphamvu yoletsa mabuku, nyimbo ndi mafilimu. Wolemba ndakatulo Jack Mapanje anatsekeredwa kundende ya Mikuyu mu 1987 popanda kuzengedwa mlandu, ndipo anatuluka mu 1991.

Kulamula pokupatsani zonse

Njira yacitatu njovuta kuizindikira cifukwa siwawa. Shadreck Chikoti, wolemba wa ku Malawi amene amalemba m'Cingelezi ndi m'cilankhulo cathu comwe cino, anatulutsa Azotus the Kingdom mu 2015. Nkhani yake ikucitika mu Africa zaka 500 kutsogoloku. Mu ufumu wa Azotus munthu aliyense amakhala yekha m'nyumba yake. Cakudya amapatsidwa, zovala amapatsidwa, njala saidziwa. Cimene samudziwa ndi mnzake. Kamoto, mwini nkhaniyo, wakhala moyo umenewu osadandaula, mpaka tsiku limene mkazi wina dzina lake Tina akulowa m'moyo wake. Kucokera pamenepo akuyamba kufunsa mafunso.

Taganizani inuyo. Wina atabwera ku Chidzolomondo n'kunena kuti, "Lekani kulima mbatata ndi cimanga, ndizikudyetsani caka conse, koma kumsika musamapite, kumaliro musamapite, pabwalo la mfumu musamakhale," mungavomere? Chikoti akuonetsa kuti wolamulira amaopa anthu akakhala pamodzi, cifukwa mutu umodzi susenza denga. Munthu yekhayekha sangadziwe kuti cimene cikumupweteka cikupwetekanso mnansi wake.

Kusankhira anthu pokhala nakonso kunacitika m'cigawo cathu. Nkhondo yomenyera ufulu itakula ku Tete kuyambira mu 1968, Apwitikizi anasamutsira anthu ambiri m'midzi yolonderedwa ndi asilikali, yochedwa aldeamentos. Ankati akuwateteza, koma colinga cinali kuwalekanitsa ndi ankhondo a Frelimo.

Kulamula pogwira cimene onse akucifuna

M'buku la Dune, la Frank Herbert, lomwe linatuluka mu 1965, mabanja a mafumu akumenyanirana dziko la cipululu lochedwa Arrakis. Kumeneko kokha ndi kumene kumapezeka mankhwala ena amene zombo za mumlengalenga sizingayende popanda iwo. Eni dzikolo, a Fremen, amasunga dontho lililonse la madzi, pamene alendo akulemera ndi cuma ca pansi pa mcenga wawo. Njovu zikamamenyana umavutika ndi udzu.

Namwali Serpell, wobadwira ku Lusaka, anabweretsa nkhani yotere pa mtsinje wathu wa Zambezi. Buku lake The Old Drift linatuluka mu 2019, ndipo mu 2020 linapata mphotho ya Arthur C. Clarke, imene imaperekedwa ku Britain kwa buku labwino la nthano za sayansi. Likutsata mabanja atatu kwa zaka zoposa 100. Cakumapeto kwake anthu aikidwa tizipangizo m'manja, togwira nchito ngati foni ya intaneti. Tinthuto n'tothandiza zedi, koma boma likutigwiritsa nchito potsata anthu. Acinyamata atatu akuganiza zolimbana ndi boma pogwiritsa nchito timakina touluka ngati udzudzu, ndipo akulunjika damu la Kariba. Zinthu zikuwapulumuka m'manja, damu likugumuka, madzi akumiza dziko. Apa Serpell akucenjeza mbali zonse ziwiri: wofuna kugwetsa wolamulira nayenso angathe kuwononga anthu omwe amati akuwamenyera.

Kumunsi kwa Kariba kuli Cahora Bassa, m'cigawo cathu ca Tete. Damuli anayamba kulimanga mu 1969 n'kulimaliza mu 1974, ndipo anthu ambiri anasamutsidwa m'malo awo. Ufulu unabwera mu 1975, koma gawo lalikulu la damuli linakhalabe m'manja mwa Portugal mpaka mu 2007. Magetsi ake ambiri amagulitsidwa ku South Africa. Mwaona? Funso la mu Dune ndi lomweli: cuma cili kwanu, koma kiyi ali ndi yani?

Mafunso oti muzidzifunsa powerenga

Mukatenga buku la mtundu umenewu, musataye mtima ndi mayina acilendo a makina. Fufuzani zinthu zitatu basi. Coyamba, wolamulira wagwira ciani cimene anthu sangakhale popanda ico: cakudya, madzi, uthenga kapena mawu? Caciwiri, anthu akumvera cifukwa ca mantha kapena cifukwa ca kukhuta? Cacitatu, kusintha kukuyambira pati? Kawirikawiri mupeza kuti kukuyamba ndi kanthu kakang'ono. Winston wagula kope n'kuyamba kulemba, Montag watsegula buku, Kamoto walankhula ndi munthu mnzake.

Mafunso omwewa mungawafunse pa zinthu za lero. Foni imene mumatumizira ndalama pa M-Pesa inalembetsedwa m'dzina lanu, ndipo kampani imasunga mbiri ya zimene mwatumiza. Zimenezi zimakutetezani kwa akuba, komanso zimapereka mphamvu kwa wosunga mbiriyo. N'cifukwa cake m'pofunika kudziwa amene ali ndi cilolezo coiona.

Akuluakulu anati cakudza siciimba ng'oma. Olemba nthano za sayansi amayesa kuiimba ng'omayo nthawi ikadalipo, kuti inu ndi anzanu mukhale pansi n'kukambirana zoti mungavomere ndi zoti mungakane.