Mbiri ya Tianthu Toseweretsa: Kuchokera pa Mtapo wa Dongo Kufika pa Belo la Kaunjika

Munthu amene amayenda m'misika ya Balaka, Liwonde kapena Ntaja pa tsiku limene amalonda amasula mabelo a kaunjika, akapatuka pang'ono kusiya milu ya malaya ndi nsapato, nayang'ana pa chiguduli chimene amayalapo zoseweretsa za ana, nthawi zina amapeza, pakati pa zidole zothothoka tsitsi ndi timagalimoto toguluka mateyala, kamunthu ka pulasitiki kotalika masentimita anayi okha, ka nkhope yachikasu, ka mutu wozuka ndi miyendo yopinda m'chiuno, ndi timanja totsekula pang'ono tokonzeka kugwira lupanga kapena fosholo. Kamunthu kameneka ndi ka banja la njerwa zoseweretsa za LEGO, ndipo m'maiko akunja muli anthu aakulu msinkhu, a ndevu zawo ndi maudindo awo, amene amatisonkhanitsa mazanamazana, natisintha maonekedwe, nasewera nato pa thebulo motsata malamulo olembedwa. Koma popeza sikuyenera kulonjera mlendo eni mudzi asanalonjeredwe, tiyambe ndi ana athu a kuno, amene anali kuchita zonsezi dzina la pulasitiki lisanamveke m'dziko muno.

M'madambo a m'mbali mwa Shire, ndi m'chigwa chotsetserekera ku nyanja za Chilwa ndi Chiuta, mnyamata woweta ziweto za atate wake ankadziwa mtapo uliwonse wa dongo labwino. Ankalikumba ndi kamtengo, nalichotsa timiyala ndi mizu, nalikanda ndi madzi pang'ono kufikira litaleka kumata zala; pamenepo ankayamba ndi thupi, natsina linunda pamsana, nakoka miyendo inayi yaifupi ndi yonenepa kuti isathyoke, ndipo nyanga ankaziumba zokhota, kapena kungobaya minga iwiri ya mthethe pamutu dongo likali lofewa. Wodziwa ntchito sankayanika ng'ombe yake padzuwa lamphamvu, pakuti ikanang'aluka. Ankaibisa pamthunzi masiku angapo, naiotcha m'moto wa ndowe zouma kufikira itafiira, naipaka mawanga a phulusa kapena a katondo, kuti ifanane ndi ng'ombe inayake ya m'khola la kwawo imene mtima wake unakondwera nayo. Khola la timitengo linkamangidwa kuseri kwa nkhokwe, ndipo amene anali ndi ng'ombe makumi awiri ankapatsidwa ulemu wa mwini chuma pakati pa anzake. Tsiku lolimbana likafika, anyamata awiri ankagwada moyang'anana, yense nkhunzi yake m'dzanja, naziwombanitsa mitu. Imene yathyoka nyanga ndiyo yagonja, ndipo mlandu wake sunkafuna nkhoswe kapena bwalo. Asungwana nawo ankaveka chitsononkho kansanza, nachibereka kumbuyo, naumba timiphika ndi timitsuko topita nato ku masanje.

Kuumba kumeneku sikunali kwa ana okha. Pakati pa Ayao, pa nyengo ya unyago, akuluakulu ankaumba pansi zifanizo zazikulu zotchedwa inyago, nazilemba mizere ya ufa, kuti anamwali aphunzirirepo mwambo. Ndipo ngakhale sikuli kwa nyuzipepala kuvundukula za kumeneko, n'kokwanira kunena kuti makolo athu ankadziwa kuti chiphunzitso choumbidwa ndi manja chimakhalitsa mumtima koposa chonenedwa ndi pakamwa pokha.

Masewero a anthu okhala pansi moyang'anana analiponso, ndipo ntchuwa, ya maenje okumba pansi ndi timiyala totola m'njira, ndi yakale ndithu. Koma mfumu ya masewero onse m'dera lino ndi bawo. Chapakati pa zaka za m'ma 1800, pamene Ayao Amachinga anatsika kuchokera ku mapiri a kum'mawa, m'dziko limene lero litchedwa Mozambique, nakhazikika Kawinga pa phiri la Chikala, Liwonde m'mbali mwa Shire, Kalembo ndi Nsamala kutsidya kwa mtsinjewo kumene tsopano kuli boma la Balaka, anadza ali ndi njira zawo za malonda zofika ku Kilwa ndi madooko ena a kunyanja yamchere. Ndipo m'njira zomwezo, mmene munadzera nsalu, mikanda, mfuti ndi Chisilamu, ndi mmene munapitira minyanga ya njovu pamodzi ndi akapolo osauka, munadzeranso thabwa la mizere inayi ya maenje asanu ndi atatu. Maenje onse ndi 32, nkhomo ndi 64, ndipo mu mzere wakutsogolo wa wosewera aliyense muli dzenje limodzi la ngodya zinayi lotchedwa nyumba, limene amalisunga mosamala kufikira nthawi yake itakwana. Wosewera amafesa nkhomo imodzi imodzi; akathera poyenera amadya za mnzake, akasowa chodya amatakata; ndipo katswiri weniweni amayamba wayendetsa nkhomo zonsezo mumtima, kuzungulira thabwa kawiri kapena katatu, dzanja lisanatambasuke, pamene oonerera, amene saloledwa kulankhula koma amalankhulabe, akugwedeza mitu kumbuyo kwake. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa khonde la sitolo pamene pali bawo ndi pamene mwambi umenewu umaoneka ndi maso. Dokotala wina wa boma la atsamunda, Meredith Sanderson, amene pambuyo pake anamasulira m'Chingerezi buku la mbiri ya Ayao la Yohanna Abdallah, analemba malamulo a masewero a mtundu umenewu m'chaka cha 1913 kuti ophunzira a ku London awawerenge; ndipo m'chaka chomwecho mlembi wotchuka H. G. Wells anasindikiza kabuku ka malamulo omenyera nkhondo ndi tiasilikali ta mtovu pansi m'nyumba, kamene ambiri amakayesa kholo la masewero a nkhondo a tizidole a masiku ano.

Mwana amaumba chimene maso ake aona. Njanji itadutsa pa Balaka m'zaka za m'ma 1930 kulinga ku Salima, mlatho wotchinga madzi utamangidwa pa Liwonde mu 1965, ndi njanji ina itatsegulidwa mu 1970 kuchokera pa Nkaya kukatulukira pa Nayuchi, ng'ombe ya dongo inapeza opikisana nayo: malole onyamula thonje, mabasi ndi sitima, zonsezi zopindidwa ndi waya wotola m'mipanda, zomangidwa ndi mphira wa chubu cha njinga, mateyala ake zitsekerero za mabotolo, chiwongolero chake chachitali kufika m'chiuno mwa mwini. Luso limeneli linamveka kutali, kotero kuti mu 1990 mayi wina wa ku America amene anakhalapo m'dziko muno, Karen Lynn Williams, analemba buku la ana lonena za mnyamata wofunafuna waya wopangira galimoto. Zitsekerero zomwezo zinalowanso m'dirafuti, za wina zitagona chagada, za mnzake chafufumimba, pa katoni yojambulidwa ndi makala. Ndipo nkhalango ya Liwonde itakhazikitsidwa kukhala malo osungirako nyama mu 1973, alendo atayamba kudutsa, amisiri osema a m'mbali mwa msewu anayamba kugulitsa tchesi ya phingo ndi mitengo ina yoyera, yosemedwa ndi nkhope ndi zovala za kwathu kuno.

Tsono tifike kwa mlendo uja. M'mudzi wa Billund m'dziko la Denmark munali mmisiri wa matabwa, Ole Kirk Christiansen, woyambitsa kampani ya LEGO, amene m'chaka cha 1932, malonda a dziko lonse lapansi atagwa, ntchito yomanga nyumba itasowa, ndi mkazi wake atamwalira namusiyira ana aamuna anayi, anayamba kupala timagalimoto ndi zoseweretsa zina za mtengo kuti apeze chakudya cha banja lake. Moto unapsereza nyumba yake yogwiriramo ntchito mu 1942, koma iye sanafooke. Anagula makina oumbira pulasitiki mu 1947, ndipo mu 1949 anayamba kupanga timanjerwa tolumikizana, potengera nzeru ya Mngerezi Hilary Page amene anatsogola pa luso limeneli. Njerwa zoyambazo sizinkagwirana bwino, kufikira mwana wake, Godtfred, anaika timapaipi kunsi kwake toti tizigwira timitu ta njerwa inzake, nalembetsa luso limeneli ku boma pa 28 Januwale 1958, chaka chomwe bambo wake anatsikira kuli chete. Njerwa ya chaka chimenecho imalowana ndi ya lero popanda kukakamiza, ndipo katswiri wa masamu Søren Eilers anawerengera kuti njerwa zisanu ndi imodzi zokha, za timitu tisanu ndi titatu iliyonse, zikhoza kulumikizidwa m'njira 915,103,765. Moto wina utawononga nkhokwe ya zoseweretsa za mtengo mu 1960, banjalo linasiyiratu matabwa.

Nyumba ndi misewu zinalipo, koma mudzi wopanda anthu ndi bwinja. Kamunthu kamene tikadziwa lero, ka manja ndi miyendo yoyenda, kanatuluka mu 1978 kuchokera m'manja mwa Jens Nygaard Knudsen: wapolisi, wozimitsa moto, msilikali wa mfumu, woyenda m'mlengalenga, onse a nkhope imodzi yachikasu ya timaso tiwiri ndi kumwetulira. Chinsinsi chake chili pa ichi, kuti mutu, chifuwa, miyendo ndi chipewa zimazuka ndi kulowa pa kamunthu kena kalikonse, kotero kuti mwana akhoza kusandutsa wapolisi kukhala mlimi m'kuphethira kwa diso. Mu 1989 kunadza achifwamba a panyanja, a ndevu ndi mwendo wa mtengo. Mu 1999 anthu a m'kanema wa Star Wars. Mu 2003 akatswiri a mpira wa basketball, opangidwa ndi khungu la mtundu wa eni ake. Ndipo mu 2010 kampani ya LEGO inayamba kugulitsa kamunthu kamodzi kamodzi m'kathumba komata, wogula osadziwa kuti mwa mitundu 16 wapeza uti. Apa, m'kuona kwanga, ndi pamene malonda anayamba kupondereza masewero, pakuti kusonkhanitsa kotere kuli pafupi ndi juga. Ndipo pamene mu 2013 anapanga kamunthu konyezimira kotchedwa Mr. Gold, 5,000 tokha pa dziko lonse, ena amene anakapeza anakatsekera m'galasi, mwana osakakhudza.

Komabe pakati pa akuluakulu okonda tianthuti pali amisiri oona. Msika wa pa intaneti wa BrickLink, umene Dan Jezek anauyambitsa mu 2000 ndipo kampani ya LEGO inaugula mu 2019, umalola munthu kugula mutu umodzi kapena chipewa chimodzi kuchokera kutsidya kwa nyanja. Ena amafufuta zojambula za pachifuwa ndi mankhwala opukutira mkuwa, napenta zawo ndi kaburashi kakang'ono, nasoka timikanjo ta nsalu. Ndipo popeza kampaniyo imapewa kupanga zida za nkhondo za makono, Will Chapman wa ku America anayamba mu 2006 kuumba timfuti take pa dzina la BrickArms. Osewera amamanga malinga ndi milatho pa thebulo, nayeza mtunda umene kamsilikali kangayende, naponya madayisi kuti adziwe wagwa ndani, monga mwa malamulo a BrikWars amene Mike Rayhawk anawaika poyera kwaulere. Kampani ya LEGO nayo inatulutsa masewero ake a pa thebulo mu 2009, ndi ena otchedwa Heroica mu 2011.

Kwathu kuno tianthuti timafika m'njira zitatu zosalembedwa: m'belo la kaunjika, amene anachuluka m'misika kuyambira zaka za m'ma 1990; m'masitolo ogulitsa zotengera zotsika mtengo za ku China, zimene zinabuka chitetezo cha luso lija chitatha mphamvu; ndi m'katundu amene matransipota amanyamula kuchokera ku Joni, kumene anyamata ambiri a ku Machinga ndi Balaka amakagwira ntchito, ndi kumene sitolo yovomerezeka ya LEGO inatsegulidwa ku Sandton City mu 2018. Timafika tobalalika, topanda bokosi, topanda kapepala kolangiza mamangidwe, kena kopanda tsitsi, kena kopanda dzanja. Ndipo kumeneku, kumene wosonkhanitsa wa kunja angakuyese tsoka, ine ndikuyesa mwayi. Ndinaona pa Ulongwe mnyamata wina amene, atapeza kamunthu kopanda miyendo, anakaumbira mpando wa dongo, nakakulunga kansalu ka chitenje paphewa, nakaika pansi pa kanthambi ka mtengo kuti kaziweruza milandu. Wapolisi wa ku Denmark anamukweza pa njinga ya kabaza ya waya, yokhala ndi kakhushoni kumbuyo, ndipo anzake anagwirizana mtengo wa ulendo, wolipidwa ndi njere za bwemba. Mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, anatero akale, koma dzanja lometa linali la mwana wa pamudzi. Chokhacho chimene amayi ayenera kusamala n'chakuti timitu ndi timanja timeneti tikhoza kutsamwitsa khanda lokwawa.

Chondidetsa nkhawa ndi china. Ku Billund anatsegula nyumba yaikulu mu 2017, mmene akusungamo mbiri ya zoseweretsa zawo chaka ndi chaka, pamene ng'ombe ya dongo imasungunuka ndi mvula yoyamba ndipo galimoto ya waya imadyedwa ndi dzimbiri, kotero kuti mbiri yake ili m'mitu ya madoda ndi ntchembere zimene zikutha tsiku ndi tsiku. Aphunzitsi a m'sukulu za ku Nselema, Phalula ndi Utale angachite bwino kutuma ophunzira awo kwa agogo ndi kope m'manja, kuti akafunse mtapo umene unali ndi dongo losang'aluka, mmene ankagawirana ng'ombe ya wogonja, ndi kuchuluka kwa nkhomo zimene ankaika m'nyumba poyamba bawo m'mudzi mwawo, pakuti malamulo a bwalo lina amasiyana ndi a bwalo linzake.