Mseu wa Mitengo m'Mzinda wa Berlin

M'mzinda wa Berlin muli mseu waukulu wochedwa Unter den Linden, ndiko kunena kuti pansi pa mitengo ya linden. Mitengo yoyamba inaokedwa m'caka ca 1647, polamula mfumu Friedrich Wilhelm.

Mlendo woyambira ca kumadzulo aona cipata ca Brandenburg, cimene cinatha kumangidwa mu 1791, ndipo pamwamba pace pali fano la akavalo anai okoka gareta. Napoleon analanda fanolo mu 1806 napita nalo ku Paris, koma linabwezedwa mu 1814. Kuyambira 1961 kufikira 1989 linga logawa mzinda pakati linatseka cipataco.

Koma coposa zonsezi ciri pansi pa nthaka, ndipo woyenda mofulumira acipitirira osaciona. Pa bwalo limene lero lichedwa Bebelplatz, pa 10 May 1933, ophunzira otsata Hitler anatentha mabuku ngati 20,000, pamaso peni peni pa sukulu yao yaikulu! Mu 1995 mmisiri Micha Ullman anamangapo cipinda ca pansi nacivundikira ndi galasi. Wowerama kusuzumiramo aona mashelefu oyera okwanira mabuku onse aja, koma mulibe buku ndi limodzi lomwe.